Apongozi pa Mlatho wa Liwonde

Mwana wanga woyamba ali ndi miyezi inayi, amayi anabwera pa sitima kuchokera ku Nayuchi kudzamuona. Anabwera ndi nandolo, chinangwa chouma, komanso khumbo limodzi: kuwoloka wapansi mlatho wakale wa pa Shire. Ankaumva kwa malemu agogo kuyambira ali mtsikana, koma anali asanaupondepo.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Akaonana patali m'njira, mmodzi amapatukira kutchire mpaka mnzake adutse. Amuna anga ndi amayi ankautsatira mwambowu kwambiri, moti paukwati pathu pomwe anakhala mofulatirana. Sabata yonse ya ulendowo abambo a mwana ankalawirira ku kabaza ndi kukadyera kwa mnzawo, komwe ndinkawatumizira chakudya.

Tsiku loti mawa lake amayi akubwerera, ndinabereka mwana n'kupita nawo kumlathoko. Kanjira ka oyenda pansi n'kopapatiza, zitsulo uku ndi uku. Mbali ina kumadutsa magalimoto, mbali ina madzi akungokhuthuka pa zitseko zotsekera mtsinje. Amayi anagwira chitsulo ndi manja awiri, akuyenda ngati akuponda mazira, koma pakamwa osatseka. Anafunsa ngati mvuu zimagona pomwepo, ndiponso amene amatsegula madziwo ngati amasamba kangati patsiku.

Tili pakatikati, ndinaona njinga ikubwera, thumba la mpunga litapingasa pakaliyala. Woikankhayo ndinamudziwa ndi chipewa.

"Amayi, akubwerawo ndi abambo a mwana," ndinanong'ona.

Amayi anaima, n'kukokera chitenje kumaso. Amuna anganso anaima, akuyang'ana uku ndi uku kufuna tchire. Tchire lake liti? Kutembenuza njinga sikukanatheka, thumba linali litadzaza njira.

"Tiyeni tibwerere," anatero amayi. "Ndauona, basi."

"Iyayi, mwauona theka. Mukakawauza chiyani anzanu ku Nayuchi?"

Kumbuyo kwathu anthu anayamba kuunjikana. Mayi wina wosenza beseni la nsomba anakuwa, "Kodi kutsogoloko kwagwa maliro? Nsomba zanga zikuwola kuno!"

"Ndi apongozi, mayi," ndinatero.

"Aa, pepani! Achimwene a njinga, dumphirani m'madzi, ng'ona zakhuta lero!"

Anthu anaseka, ine ndinadikira. Amayi ndimawadziwa, ukawakankha amalimba ngati chitsa. Patapita kanthawi anasendera kumsana kwanga, n'kugwira kaphazi ka mwana.

"Iwe," anauza khandalo mokweza, "awuze abambo ako kuti agogo ako akufuna kukafika tsidyalo."

Amuna anga anavula chipewa n'kuphimba nacho nkhope. "Mwanawe, awuze agogo kuti njira ikukonzedwa. Awuzenso kuti nandolo uja tadya, ngokoma."

Anatsitsa thumba, n'kuliimika chilili, njinga n'kuigunditsa kuchitsulo. Kenako ananjuta moyang'ana kumadzi, mutu uli pakati pa mawondo, munthu wamkulu ndithu. Panatsala mpata wongokwana munthu mmodzi chammbali. Amayi anadutsa nkhope ili kumagalimoto, akuwomba m'manja pang'onopang'ono. Ine pambuyo, kenako mayi wa nsomba uja, amene anawauza amuna anga kuti aleredwa bwino koma asamuke msanga.

Tinafika tsidya la ku Balaka. Amayi anaponda dothi, anatembenuka n'kuuyang'ana mlatho wonse kuyambira uko mpaka kuno. Tinakhala pansi pa mtengo, ndinagula chimanga chootcha, mwana n'kumuyamwitsa. Amayi ankangomuyang'anitsitsa mdzukulu wawo.

"Mwatopa?" ndinafunsa.

"Iyayi." Anakhudza khutu la mwana, n'kutsitsa mawu. "Ine sindinayang'anetu. Chitenje n'chimene chinatsetsereka. Koma makutu awa, ndadziwa kumene anachokera."