Mwendo wa Nkhumba wa a Dona Zenaide

Mumsewu mwathu aliyense ali ndi chake chimene amadziwika nacho. Ine ndimadziwika ndi choko chosachoka pa malaya, a Seu Anacleto ndi buledi wawo, ndipo a Dona Zenaide ndi zinthu ziwiri: makina osokera ndi mwendo wa nkhumba wa pa Nyuwere.

Makinawo ndi achikale, opalasa ndi phazi, ndipo amakhala pawindo loyang'ana kumsewu. Mwezi wa Disembala salekeza kulira, poti tauni yonse imafuna kulowa chaka chatsopano itavala zoyera. Eni ake ndi mayi wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi, amene amatha kukukalipira bwinobwino mapini ali kukamwa. Ndakhala nawo moyandikana chiyambire kuphunzitsa kuno, ndipo ana awo onse adadutsa m'kalasi mwanga. Amanditcha comadre chifukwa mzime wawo, Jussara, ndine ndidamunyamula pa ubatizo.

Atangokwatiwa kumene, a Dona Zenaide adapita ku Belo Horizonte ndi amuna awo, malemu a Tião, omwe adapeza ntchito kufakitale ya nsalu. Nyuwere yawo yoyamba mumzindamo adadya nkhuku, poti ndiyo idalipo. Mvula isanathe fakitale idatseka, ndipo awiriwo adabwerera kuno ndi sutikesi imodzi ndi makina aja, kudzakhala m'kachipinda ka kuseri kwa apongozi.

"Chodabwitsa n'chiyani pamenepo?" amatero akamafotokoza. "Nkhuku imapalasira m'mbuyo, nkhumba imafukulira kutsogolo. Ife tidadya chopalasa."

Zimenezi kuno aliyense amazidziwa. Ambiri amaziseka, uku nkhukuyo akuilambalalabe. A Dona Zenaide saseka. Pa Khirisimasi amadya nkhukutembo mpaka kunyambita zala, koma chaka chikamatha chamapiko sichilowa pakhomo pawo. Dzira lokha amalikhululukira, akuti silinayambe kupalasa.

Phwando lawo limakhala masana a tsiku loyamba la chaka, chifukwa a Tião adamaliza moyo wawo ali mlonda wa usiku, ndipo mwambo udangokhala choncho. Mwendowo amaubaya ndi mpeni ponseponse, m'mabowomo n'kukankhiramo adyo ndi mchere, kenako amauviika mu vinyo ndi madzi a mandimu. Umagona m'beseni, n'kumautembenuza ngati wodwala. Uvuni wa m'nyumba ndi wochepa, choncho monga tonsefe amakausiya kwa a Anacleto, omwe akatulutsa buledi womaliza amalowetsa ziwaya za anthu muuvuni wawo waukulu. Ziwayazo zimatuluka zokutidwa ndi pepala lonyezimira, koma aliyense amadziwa chake. Cha a Dona Zenaide chinali chakale, chopindika, cha khutu limodzi, chosasokonekera ndi cha wina. Kungoti chaka china chiwayacho chidabooka, ndipo adagula chatsopano kwa bambo wina woyenda pagalimoto ya chimkuzamawu, amene anali atagulitsa kale ziwaya zofanana kwa theka la tauni.

Ndipo chaka chimenecho mwendowo unali ndi ntchito yaikulu. Jussara anali atapeza ntchito ya unamwino pachipatala china ku Belo Horizonte komweko, yoyamba m'mawa wa tsiku lotsatira. Basi yake inali ya masana a Nyuwere. Mwanayu ndidamuphunzitsa kugwira pensulo, ndipo anali wofunsa mafunso mpaka belu kulira. Amayi ake anali atandiuza kale pampanda:

"Comadre, ine ndidapita, ndidabwerera. Mchimwene wake adapita, adabwerera ndi gitala. Uyu yekha apite akakhazikike. Sakwera basi asanadye nkhumba yanga."

Tsikulo tinagoneka chitseko pa mipando iwiri pansi pa mtengo wa mango, n'kuyalapo nsalu yoyera. Panali mphodza, zoti chaka chikhale cha zambiri. Panali farofa, ufa wa chinangwa uja wokazinga mu batala ndi anyezi ndi tinyama ta nkhumba. Panali mpunga wa mphesa zouma, zimene adzukulu anali atayamba kale kuzitola n'kumaziunjika m'mphepete mwa mbale ngati mbuzi yadutsapo. Ine ndinabweretsa rabanada wanga, buledi wogona woviika mu mkaka ndi mazira, wokazinga n'kumuwaza shuga ndi sinamoni. Pakati pa tebulo tinasiya malo.

Wotumidwa kwa a Anacleto anali Valdeci, mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo Neusa. Anali atachezera kuvina, ndipo anali atavala magalasi akuda ngati woimba.

"Valdeci, chiwaya chatsopano, cha makutu awiri. Wamva?"

"Ndamva, apongozi. Musakuwe, m'mutu muno ng'oma sizinaleke."

Anabwera nacho, n'kuchiika pamalo paja. Ana anaomba m'manja. A Dona Zenaide anapukuta manja pa epuloni, n'kutukula pepala. M'chiwayamo munali nkhuku zitatu zonenepa, zofiirira bwino, miyendo ili m'mwamba ngati zikutiseka.

"Valdeci, mwana wanga," anatero mofatsa, "nkhumba za kwanu zimakhala ndi mapiko?"

"Apongozi, chiwaya ndi chomwecho. Makutu awiri. Ndinachita kuwagwira."

"Nanga kupepuka kwake sunakumve?"

"Lero chilichonse chikundilemera."

Kamdzukulu kena kanatambasula dzanja, koma kansalu ka mbale kanakapeza kasanafike. Jussara anali akuseka mpaka misozi.

"Amayi, nyama ndi nyama. Kondakitala safunsa kuti wadya chiyani."

"Iwe tseka pakamwa, ndipo utsekedi, pasalowe kanthu."

Valdeci anathamangira kwa a Anacleto, n'kubwerako akupuma ngati galu. Pachitseko panali loko. Eni ake anali atapita kumunda kwa achimwene awo, kumene foni siigwira. Sutikesi ya Jussara inali itaima kale pakhonde, ndipo dzuwa linali litadutsa pamutu.

A Dona Zenaide anakonza magalasi, anatenga foloko, n'kuyamba kufukula farofa amene anali m'mimba mwa nkhuku imodzi. Sanalawe. Anangomwaza pambale, n'kumanunkhiza.

"Comadre, taonani. Mulibe kanyama ka nkhumba ngakhale kamodzi. Mafuta ake ndi a m'botolo. Muno m'chigawo chathu cha Minas munthu wophika farofa wotere ndi wodwala kapena wa Sabata."

"Ndiye odwala tiwapeza bwanji?" ndinafunsa.

"Wodwala saotcha nkhuku zitatu. Ndi a Dona Noemi awa. Ndimawasokera masiketi ofika kumapazi aja. Chiwaya tidagula tsiku limodzi, mpaka adandilanda chimene ndidayamba kugwira."

A Dona Noemi ndi amuna awo a Seu Osias amakhala pamwamba penipeni pa phiri la kuseri kwa tchalitchi. Valdeci, pofuna kukonza mlandu wake, anatulutsa makiyi.

"Tiyeni ndikuperekezeni. Kungoti kagalimoto kanga phiri limene lija kamalikwera chobwerera m'mbuyo, giya yakutsogolo ilibe mphamvu."

"Chobwerera m'mbuyo? Lero? Neusa, chotsa mwamuna wakoyu pamaso panga."

Tinanyamuka wapansi, atatu. A Dona Zenaide patsogolo, epuloni ili m'chiuno, ine pakati ndi maondo anga a zaka za pabolodi, ndipo Jussara pambuyo atanyamula chiwaya. Amayi ake sanafune kumusiya pafupi ndi tebulo. Anthu anali pamakonde awo, okhuta, ovala zoyera za dzulo zokwinyika, ndipo sakanatilekerera.

"Dona Zenaide, mwayamba kugulitsa zootcha?"

"Ndikugulitsa akamwini! Ubwere usankhe!"

"Aphunzitsi, lero wochedwa m'kalasi ndinu!"

Ameneyo ndidamuphunzitsa ndekha, ndipo laling'ono lomwe la matebulo a samu silidamulowe, koma pakamwa padamuthwa. Ndinangomukwezera dzanja, mpweya woyankhira ndinalibe. Jussara ankatsalira m'mbuyo pafupipafupi, akuti chiwaya chikumuotcha.

Tisanafike n'komwe tinaona agalu. Analipo ambiri, a m'dera lonselo, atakhala pansi mozungulira ngati mpingo womvera ulaliki. Patsogolo pawo, pageti, panali a Seu Osias pakampando, atamanga tayi, ambulera ili m'manja ngati mkondo. Pakhoma la mpanda panali chiwaya cha makutu awiri, chokutidwa bwino, njerwa ili pamwamba.

"Dona Zenaide, Mulungu ndi wabwino," anatero akuimirira. "Ndinadziwa kuti mwini wake abwera. Chibadwire sindinakhudzepo nkhumba, lero ndakhala mlonda wake. M'nyumba sikanalowa, koma kuipereka kwa agalu mtima unakana. Fungo lake lokha ndaona kuti munthu anavutikira."

"Simunadyeko ngakhale pang'ono?"

"Ine? Ndakhala ndikupumira kumbali."

A Dona Noemi anatuluka akupukuta manja. "Mwatipeza tikudya mpunga ndi nyemba ngati Lolemba, mayi inu. Alendo anga ochokera kutali akungoyang'anana."

Analandira chiwaya chawo kwa Jussara, anatukula pepala, n'kukweza nsidze.

"Koma iyi yafika ndi phiko limodzi."

"Valdeci ameneyo!" anakuwa a Dona Zenaide. "Pepani, mnzanga. Ndikusokerani siketi ina ulere, ndipo mkamwiniyo ndikamuthothola phiko lake."

Jussara anali akuyang'ana mitambo, imene inalidi itayamba kuda.

Pamwamba pa phiripo depoti imaonekera pansi, mbali inayo. Basi ya ku Belo Horizonte inali italowa kale. Kubwerera kunyumba, kukakhala patebulo, n'kudzatsikanso, sikukanatheka. A Dona Zenaide anayang'ana basi, anayang'ana mwana wawo, n'kukunga kansalu ka mbale kaja kukhala nkhata. Chiwaya anachisenza pamutu.

"Comadre, imbirani Neusa. Abwere kudepoti ndi sutikesi, buledi, mpeni waukulu ndi mphika wa mphodza. Wapansi. Galimoto ija isayandikire."

Tinatsika ngati tikuthawa moto, agalu awiri osataya mtima akutitsatira. Pofika tinapeza banja lonse lilipo, adzukulu atanyamula mbale, mchimwene wake wa Jussara ali ndi gitala lake, Valdeci atasenza sutikesi mwaulemu wonse. Phwando linachitikira pabenchi. A Dona Zenaide anachotsa pepala, ndipo fungo la adyo ndi mandimu linadzaza depoti yonse. Nyama inali yofewa, yongogwa pafupa. Anang'amba buledi, anaunjikamo nyama, anathira msuzi wa pansi pa chiwaya, n'kupatsa Jussara.

"Idya. Ndikuone."

Dalaivala anali atayamba kuliza hutala. Mayiwo sanatembenuke n'komwe. Anangokonza buledi wina wonenepa, n'kumutumiza pawindo lake. Hutala analeka.

Jussara anadya, amayi ake akutsatira nthongo iliyonse ndi maso mpaka itatsika pakhosi. Anamupatsa wachiwiri. Anamumwetsa supuni ya mphodza ngati mankhwala. Ine ndinamukulungira rabanada m'pepala, ndinamukonza kolala monga ndinkachitira ali m'kalasi yoyamba, ndipo madontho oyamba a mvula atagwa anakwera.

Atakhala pampando anatsegula windo.

"Amayi! Alamu musawakalipire. Phiko lija ndadya ndine, pokwera phiri."

A Dona Zenaide anagwira pamtima. "Iwe! Ndavutikiranji ine tsiku lonseli?"

"Nkhumba ndadya yambiri, Amayi, ndikakhazikika, musaope. Koma mukanandidyetsa yokhayokha ndikanangopita osacheuka. Kaphiko kamodzi kokha, koti kazindibweza pa Khirisimasi."

Basi inayamba kutuluka pamalo pake, chobwerera m'mbuyo monga zimachitira zonse, ndipo mayiwo anatseka maso ndi dzanja mpaka itawongoka. Atatsegula inali ikukhota pa ngodya ya sitolo ya mankhwala, dzanja la Jussara lili kunja. Anavula magalasi, anawapukuta pa epuloni nthawi yaitali, ngakhale mvula inali isanawanyowetse kwenikweni.

"Mwana wopusa," anatero. Kenako ananditembenukira. "Comadre, inu mudaphunzira. Phiko limodzi lingamubweze pa Khirisimasi pokha? Nanga Isitala?"

Ndinawauza kuti zimenezo m'mabuku athu mulibe.

Valdeci anatsokomola, anavula magalasi akuda aja, n'kunena kuti pali munthu wina wosalakwa amene akudikira kupepesedwa.

"Wosalakwa pa phiko," anayankha a Dona Zenaide. "Pa chiwaya mlandu ulipo. Nyamula."

Koma pofika kunyumba fupa lalikulu, lija lokhala ndi nyama yokoma ya m'mbali, analiika m'mbale ya Valdeci. Jussara ali ku Belo Horizonte mpaka lero, ndipo pa Khirisimasi bedi lake silikhala lopanda munthu. Chiwaya chija amayi ake adachithyola khutu limodzi ndi pulayala, sabata yomweyo.