Ndinathowa Ntchafu Zotupa Mpaka Impso Zinatsala Pang'ono Kuima

Chizindikiro choyamba ndinachiona pa masitepe. Linali Lamlungu m'mawa, m'mwezi wa Okutobala, pamene ndinalephera kutsika masitepe atatu a pakhomo pathu ku Kabwata. Ntchafu zonse ziwiri zinali zitauma gwa, mawondo akukana kupinda. Ndinagwira khoma n'kutsika chafutambuyo. Mkazi wanga, amake Taonga, anandiseka, nanenso ndinaseka.

Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu. Ndimayendetsa galimoto yonyamulira katundu m'nyumba ina yosungiramo zinthu ku Heavy Industrial Area, ndipo tsiku lonse ndimathera pampando. Nesi wa kuntchito atandiyeza anati kuthamanga kwa magazi kwakwera, ndiyambe kulimbitsa thupi. Mnzanga wa kuntchito, ba Mwape, ndiye ananditengera ku gulu lawo lomwe limakumana Loweruka lililonse pa bwalo lina ku Woodlands.

Loweruka limene ndinapitako, dzulo lake la Lamlungu lija, tinayamba mochedwa, dzuwa litakwera kale. Mphunzitsi ankawerenga, ife tikunyonyomala n'kudzuka, kudumpha, kuthamanga, kenako kunyonyomalanso. Zaka zambiri zinali zitapita ndisanachite zoterezi. Botolo la madzi ndinali nditaliiwala mu minibasi. Pagululo panali amayi ena aakulu kuposa ine amene sankapumira, ndiye ndinachita manyazi kukhala pansi. Ndinapirira maola awiri.

Lamlungu lija nditamuimbira, ba Mwape anati, "Osadandaula boyi, ni mwamene vimachitila. Uthobe chabe na manzi yakupya, mailo uzankhala bwino." Ankanena zothowa ndi madzi otentha, kuti pofika mawa lake ndikhala nditachira.

Amake Taonga anatereka madzi, n'kumandithowa ndi thaulo m'mawa, masana ndi madzulo. Ndinapakanso mafuta otentha opaka pa minofu, n'kugula mapiritsi opha ululu pa kantemba ka pafupi, ndipo ndinkamwa awiriawiri. Ndikangothowa ndinkamvako bwino pang'ono. Pakapita ola ntchafu zinkayamba kugunda, zikutentha kuposa kale.

Lolemba ndinapita kuntchito, koma buluku la yunifomu linandithina m'ntchafu, ndipo kukwera pampando wa galimoto kunandikanika. Masana a tsikulo mkodzo unatuluka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinauyang'ana, n'kudziuza kuti ndi kutentha kwa dzuwa. Sindinauze munthu. Madzulo ndinathowanso.

Lachiwiri ndinadzuka ndi mseru, ndinasanza kawiri. Mkodzo unali madontho okha. Amake Taonga atabwera ndi beseni anaona khungu la ntchafu likunyezimira chifukwa cha kutupa, ndipo beseni analiika pansi.

"Atate a Taonga, izi si zamasewera ayi. Valani, tiyeni ku kiliniki."

Pa benchi ya ku kiliniki tinakhalapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kukhala kunkapweteka, kuimirira kunkapwetekanso. Nditalowa, nesi anandipatsa kabotolo koti ndikakodzeremo, ndipo nditabwera nako anakakweza m'mwamba n'kukayang'ana.

"Ba tate, vinayamba liti ivi?"

Ndinati dzulo masana.

"Manje munali kuyembekeza chani?"

Analemba kalata yoti tipite ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo.

Kumeneko ananditenga magazi n'kundigoneka. Dokotala amene anabwera ndi zotsatira anali mayi wachichepere, wolankhula mosathamanga. Anati minofu ya ntchafu zanga yaphwanyika mkati chifukwa ndinaigwiritsa ntchito mopitirira pa dzuwa, thupi lilibe madzi. Zophwanyikazo zalowa m'magazi ndipo zikutseka impso. Ndinamufunsa za kuthowa. Anati pamalo pamene pangotupa kumene, kutentha kumakokerapo magazi ambiri, ndiye kutupa kumangoonjezeka. Mapiritsi aja nawonso ankalemetsa impso zotopa kale. Ndinafunsa ngati ayezi akanandipulumutsa. Anapukusa mutu, nati ayezi akanachepetsa ululu chabe, koma za impso zinkafuna chipatala. Asanachoke anati akaona kuti pofika Lachisanu magazi sakusintha, adzandiika pa makina osefera magazi.

Masiku a mu wodi ndimawakumbukira ngati tsiku limodzi lalitali. Dilipi ikatha ankapachika ina. Anandiika kachubu kotulutsira mkodzo m'thumba lapulasitiki, ndipo nesi ankabwera kudzakhuthula, kuyeza, n'kulemba pa pepala la kumiyendo kwa bedi. M'mawa uliwonse kunali kutenga magazi, kenako kudikira madokotala, kenako kudikira zotsatira zomwe zinkabwera madzulo. Ntchito yanga inali kuyang'ana thumba lija. Munthu wamkulu, bambo wa ana atatu, kumasuzumira pansi pa bedi kuti aone ngati mtundu wasintha. Tulo sitinkabwera mokwanira, chakudya sichinkalowa, ndipo ndinatopa mpaka kutembenuka kokha ndinkachita kulingalira kaye.

Amake Taonga amaphunzitsa ku sukulu ina ku Libala. Ankabwera m'mamawa asanapite kuntchito, n'kubweranso akaweruka, maminibasi awiri popita, awiri pobwera. Tsiku lina ndinawapeza akuwodzera pampando, chikwama cha makope a ana chili pamwendo. Atadzidzimuka anati, "Ndine ndinkatereka madzi aja." Ndinawauza kuti ndine ndinabisa za mkodzo.

Lachinayi ba Mwape anabwera ndi malalanje. Anaima kumiyendo kwa bedi, akuyang'ana dilipi. Kenako anati, "Sininazibe, boyi." Ndinamukhulupirira. Iye thupi lake linazolowera, ndipo kuthowa ndi kumene tonsefe tinakula nako.

Lachisanu m'mawa thumba linadzaza msanga, mtundu utayerako. Madzulo dokotala anawerenga pepala, n'kunena kuti impso zayamba kudzuka, makina aja sakufunikanso pakali pano. Ndinkayesa kuti ndidzasangalala kwambiri, koma ndinangogona tulo tatikulu. Ananditulutsa nditakhala masiku asanu ndi anayi.

Kuchira kunachedwa kuposa kudwala. Sabata zoyamba, kuchoka pakhomo kukafika pamsewu ndinkapumira kawiri. Miyendo inawonda, inkanjenjemera. Ananditumiza kwa katswiri wowongola mafupa ndi minofu, amene anandiyambitsa pang'onopang'ono ngati mwana wophunzira kuyenda. Ndi iye anandiphunzitsa kusiyanitsa. Pamene patupa kumene ndipo pakutentha, masiku oyambirira pamafuna chozizira: ayezi wokulunga m'nsalu, kwa mphindi zochepa, osamugunditsa pakhungu. Kuthowa kumabwera pambuyo, kutupa kutaphwa, pamene mnofu wangouma. Ndinamuuza kuti kwathu magetsi akazima ayezi amasungunuka. Anati nsalu yoviika m'madzi ozizira imathandizabe. Anandichenjezanso kuti ndisamathamangire ayezi pa kaululu kalikonse, chifukwa kutupa pang'ono ndi njira imene thupi limadzikonzera lokha.

Ndinabwerera kuntchito patatha miyezi iwiri. Lero impso zanga zikugwira ntchito, ngakhale ndimapitabe kukayezetsa magazi pa masiku amene anandipatsa, ndipo mapiritsi opha ululu sindimwa popanda kufunsa dokotala. Mphamvu sizinabwerere zonse. Ndikaweruka ndimafika kunyumba nditatheratu. Sindinasiye kulimbitsa thupi, koma ndimayenda m'mawa dzuwa lisanatenthe, madzi ali m'manja, ndipo ndikatopa ndimaima, kaya anthu akuona.

Kwa inu amene mukufuna kuyamba masewera, yambani pang'ono, ndipo pewani dzuwa la masana. Kuphwanya kwa thupi kwa masiku awiri si kwachilendo. Koma mukaona mwendo ukutupirabe, ululu ukukula m'malo mochepa, kapena mkodzo wada ndi kuchepa, musatereke madzi ndipo musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mukanene zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Ine ndinauona mkodzo uja Lolemba masana, n'kukhala chete mpaka Lachiwiri. Dokotala anati ndikanafika Lachitatu tikanakamba nkhani ina.