Magolovesi a Mpwitikizi

Amuna anga anagwa pagolo Lamlungu, ku Bradford, mpira uli mkati. Madokotala anati ndi mtima. Sindikangana nawo. Amene ndikanali nawo mkwiyo ndi alamu anga, akulu awo a malemu.

Amuna anga ankasamalira okalamba sabata yonse, Lamlungu n'kukhala goloboyi wa timu ya m'dera lathu. Kochi wawo anali Mpwitikizi. Kochiyo kwawo anali goloboyi wa matimu akuluakulu, mpaka dzanja linathyoka, n'kuyamba kuphunzitsa. Zala zake zinali zokhota ngati mizu ya chinangwa. Ndiye anapatsa amuna anga magolovesi ake akale, amene anavala pa mpira wake womaliza. Amuna anga ankawachapa okha, ine osandilola. Ankati, "Mayi, awa si masokosi." Pamene anagwa, anali atawavala. Amene ankasindikiza amuna anga pachifuwa kuti mtima uyambenso kugunda, mpaka ambulansi kufika, ndi kochiyo.

Maliro tinakhalira kunyumba kwathu, podikira kutumiza thupi ku Malawi. Azimayi tinakhala pansi pabalaza, azibambo pamipando kukhitchini. Alamu anafika kuchokera ku Manchester. Sitima imayenda tsiku lililonse, koma zaka zonsezi sanakwerepo kudzaona mng'ono wawo. Tsopano ndiwo anali eni maliro.

Masana kochi anabwera, magolovesi ali m'manja. Anavula nsapato pakhomo. Ataona ine ndili pansi, nayenso anakhala pansi, pakati pa azimayi, miyendo yake yaitali atayipinda movutika. Sanadziwe kuti mwamuna sakhala pamenepo. Anaika magolovesi pachitenje changa, n'kuyamba kulira.

Alamu anatulukira. "Uyu ndani? Wokhala ndi azimayiyu?"

"Ndi akochi," anatero mayi wina wa kumpingo.

"Ndiye amene wapha m'bale wangayu? Munthu wamkulu, wa ana, kumam'gwetsa m'matope ngati kamwana! Atuluke." Anabwerezanso m'Chingerezi. Kochi anadzuka, nsapato kumanja, n'kutuluka. Alamu anatola magolovesi aja ndi zala ziwiri, kukaponya m'bini ya kukhitchini, mmene munali mafupa a nkhuku.

Namfedwa sayankhula, ndikudziwa. Amaweramitsa mutu, ena n'kumamuyankhulira. Sukulu sindinapite nayo patali, koma mwambo ndinaphunzira wonse. Mayi wa kumpingo uja anandigwira bondo. "Pirirani, asisi."

Ndinachotsa dzanja lake. Ndinalowa kukhitchini, pakati pa azibambo, n'kupisa m'binimo.

"Alamu, khalani pansi," anatero akulu awo a malemu.

"Inu alamu, mng'ono wanu ankasewera timu yanji?"

Sindinadikire yankho.

"Mmene ankagwa munali kuti? Uyo mwam'thamangitsayo anagwada m'matope momwemo."

Ndinatuluka opanda nsapato, kunja kukuwaza mvula. Kochi ndinam'peza pamalo odikirira basi. Chingerezi changa n'chochepa, chakenso n'chokhota, ndiye ndinangom'koka malaya. Tinabwerera. Ndinam'khazika pansi pomwe paja, pambali panga. Azimayi anasuntha, wina n'kuyambitsa nyimbo.

Magolovesiwo ndinawachapa ndekha, koyamba. Tsiku lotseka bokosi, kochi ndiye anawaika pachifuwa pa amuna anga, alamu akuyang'ana kukhoma.

Alamu anauza abale kumudzi kuti mkazi uja Ulaya wam'zunguza mutu. Mpaka lero sandiimbira foni. Asaimbe.