Tsiku Limene Sitandade 4 Inabwera Kukhola la Anganga

Ndikakumbukira anganga anga, amene anabereka mayi, m'makutu mwanga mumamveka mkaka ukugunda pansi pa ndowa yachitsulo, tsii-tsii, tsii-tsii, kwinaku mphepo ya ku Chilwa ikubweretsa fungo la matemba oyanikidwa ku Kachulu, n'kulisakaniza ndi la ndowe ndi madeya onyowa. M'mudzi mwathu abambo ankapita kunyanja, amayi kumunda wa mpunga, koma anganga anali ndi ng'ombe imodzi yamkaka, yamawanga akuda ndi oyera, imene anaitcha Dona chifukwa nsenjere yosaduladula sinkaiyang'ana n'komwe.

Ine ng'ombeyo ndinkachita nayo manyazi. M'mawa uliwonse ndinkaitungira madzi ndi kusesa m'khola, ndipo ngakhale ndisambe chotani, anzanga ankagwira mphuno ndikamalowa m'kalasi. "Afika achemwali ake a Dona," ankatero Esinati, amene tinkakhala desiki imodzi.

Ndiye tsiku limene a Makwinja, aphunzitsi athu, analengeza kuti Lachisanu tonse tikaphunzira za ng'ombe zamkaka kwa anganga, ndinalakalaka nditadwala malungo. Nditafika kunyumba ndinawachonderera anganga kuti tsikulo adzavale chitenje chatsopano.

"Akubwera kudzaona chitenje kapena ng'ombe?" anandifunsa, n'kupitiriza kuduladula nsenjere.

Lachisanulo anachedwetsa dala kukama kuti ana adzaone, moti pamene tinkafika pamzere tikuimba, Dona anali atatopa n'kudikira, akupukusa mchira ndi kupondaponda. Anganga analemba mzere pansi ndi chikwanje. "Aliyense aime kuseri kwa mzerewu. Osakuwa, osathamanga. Botolo lili pamwambalo ndi mankhwala a nkhupakupa, si thobwa." Kenako anasamba m'manja ndi sopo, n'kutsuka mawere a ng'ombeyo ndi madzi ofunda, akutiuza kuti mkaka wosawiritsa usamalowe m'kamwa mwa munthu.

A Makwinja, atavala malaya oyera ndi nsapato zonyezimira, anafuna kutilozera bwino pamene mkaka umatulukira. Anadumpha mzere uja ndodo ili m'manja, n'kuzungulira kumbuyo kwa Dona mwakachetechete. Sindinaonepo anganga akudzuka msanga chotero. Anawagwira lamba n'kuwakoka ngati thumba la mpunga, ndipo nthawi yomweyo chiboda cha Dona chinadutsa pamene panali bondo lawo, n'kukamenya mzati kuti phuu! Aphunzitsi anakhala pansi, pakati penipeni pa ndowe.

Ine ndinangoganiza kuti Lolemba sindidzapondanso kusukulu.

"Pepani aphunzitsi," anatero anganga akuwadzutsa, "koma Dona sadziwa kuti ndinu ophunzira. Ng'ombe sitiidzera kumbuyo ngati mbala. Mumayamba mwailankhula, idziwe kuti mwabwera, kenako muigwire paphewa."

A Makwinja anayang'ana mzati uja, n'kuyang'ana bondo lawo, kenako anaseka mpaka misozi. "Ana inu, lembani zimenezo m'makope. Lero wolephera mayeso ndine." Apo m'pamene kalasi yonse inaphulika ndi phwete.

Anganga anandikodola. "Tiyanjane, tabwera uwaonetse." Nditalowa, ndinamuitana Dona dzina lake monga ndinkachitira masiku onse, n'kumusisita paphewa. Anapumira m'mwamba, n'kuima phee. Ndinakhala pakampando n'kuyamba kukama, thovu likukwera m'ndowa, anzanga akusuzumirana pamapewa. Esinati ndiye anali woyamba kukweza dzanja. "Tiya, undiphunzitse nanenso," anatero chonong'ona.

Tisanabwerere, anganga anawiritsa mkakawo mumphika waukulu wophikira thobwa, ndipo makapu atatu okha anazungulira kalasi yonse. Aphunzitsi anamwa wawo atavala chitenje chatsopano chija, thalauza lawo likuuma pachingwe, ndipo anganga ankawatsimikizira kuti chawakhala kuposa mwini wake.

Lero ndine namwino, ndimagwira ntchito m'chipinda cha ana odwala ku Zomba. Ndisanabaye mwana jakisoni ndimayamba ndaima pamene akundiona, n'kumuitana dzina, n'kumugwira paphewa mpaka apumire m'mwamba. Anzanga amandiseka kuti ndimachedwetsa mzere. Mwina akunena zoona, koma zaka zonsezi palibe mwana amene anandimenyapo theche.