Tsiku Limene Ndinanyamula Chikho cha Bambo Howard

Foni inalira 11 koloko m'mawa, ndili mkati mochapa yunifomu pa chipinda chathu ku Al Asmakh. Linali Lachisanu, ofu yanga yoyamba patatha masabata atatu. Ndimagwira ntchito yaulonda pa geti la kalabu ina ya ragibi kuno ku Doha. Kwa amene simunauonepo, ragibi ndi mpira wooneka ngati papaya, ndipo azibambo amathamanga ataukumbatira kwinaku akugwetsana ngati nkhunzi za ng'ombe.

Ankaimba anali bambo Howard, mzungu wa imvi wa ku Mangalande amene amayendetsa mpikisano wa chikho pa kalabupo. Mwa onse olowa pa geti langa, ndi iwo okha amene amandipatsa moni ndi dzina.

"Lameki, ndili pamavuto," anatero. "Phazi latupa, nsapato sikulowa, galimoto sindingayendetse. Chikho chathu chili kwa wosula siliva, pafupi ndi kwanuko, ankakonza chogwirira. Fainolo ikuyamba 4 koloko. Ukanditengere, undipeze ku Al Nasr, tikalowere limodzi ku bwalo."

Ndinavomera ndisanaganize. Nditadula foni m'pamene ndinakumbukira kuti ID yanga inali ku kampani, ankandisinthira yatsopano. Ndinali ndi chithunzi chake chabe mu foni.

A Dausi, amene ndimagona nawo chipinda chimodzi, anadzuka pabedi. Ndi dalaivala wa ku Mangochi, ndipo atha zaka zambiri kuno.

"Achimwene, mwapenga? ID mulibe, ndiye muzikayenda ndi siliva wa mzungu mu tauni? Akakuchekingani mukayankha chiyani? Visa akangoikensela, khalas, zatha, mawa lomwe muli pa Lumbadzi ndi jumbo m'manja."

"Ndavomera kale, a Dausi."

"Ndiye valani malaya abwino. Wakuba savala malaya osita."

Ndinasita malaya. Ndikusita ndinkaganiza za nyumba yanga ku Mchinji, imene inali itafika pa mawindo, ndi ana anga awiri amene anali asanamalize pulayimale.

Ndinatuluka 2 koloko isanakwane, mapemphero a Lachisanu atatha. M'tinjira ta Al Asmakh munadzaza anthu obwera ku mzikiti, mikeka yopemphererapo ili paphewa. Wosula siliva anali atalonjeza bambo Howard kuti atsegula 2 koloko. Ndinapeza chitseko chachitsulo chili chotseka. Ndinagula tiyi wa karaki wa riyali imodzi pa kakantini ka pafupi n'kuima pamthunzi. Tiyi anatha, munthu osaoneka. Ndinagula wachiwiri kuti mwini kantini asandione ngati ndikuzonda shopu ya eni.

Wosulayo anafika nthawi ili 2:40, mkulu wamfupi wa ku Sri Lanka, akutokosa m'mano. Anatsegula mosafulumira, nalowa kuseri, n'kutulukira atanyamula chinthucho.

Ine ndinkachiona chaka ndi chaka ndili patali pa geti, ndipo ndinkachiyesa chaching'ono. Pafupi chinali ngati ndowa ya mwana yotungira madzi, cha makutu awiri, chopukutidwa mpaka ndinadziona nkhope itatambasuka. Thupi lake lonse linali ndi timalemba ting'onoting'ono. M'chikwama changa chinakana kulowa.

"Risiti, bwana," ndinapempha.

"Risiti ili ndi Mister Howard. Mafi mushkila, palibe vuto, pita."

Kwa iye panalibedi vuto. Anandikulungira chikhocho m'thaulo lakale, koma khutu limodzi linkasuzumira kunja. Akundiperekeza pakhomo anandiuza kuti nayenso ankasewera ragibi ali kusukulu, n'kundionetsa mphuno yake yokhota ngati umboni.

Kuchoka pamenepo kukafika pa siteshoni ya metro ya Msheireb, pokwerera sitima zapansi pa nthaka, ndi mphindi khumi wapansi. Al Asmakh ndi Msheireb zangolekana msewu, koma ukawoloka umakhala ngati wasintha dziko. Kuno zovala zayanikidwa pa mawindo, uko makoma oyera, pansi posalala, makamera pa ngodya iliyonse. Ndinayenda nditachikumbatira ngati mwana wodwala. Aliyense wondiyang'ana ndinkamuona ngati wapolisi wovala zawamba. Nyengo inali yozizirira, koma malaya anga osita aja anamatirira kumsana.

3 koloko ndinatsika masitepe a siteshoni. Ulendo wa metro ndi mariyali awiri okha, ndipo khadi langa linali ndi okwanira. Ndikuti ndiligunditse pa geti, ndinamva mawu kumbuyo.

"Brother, ima kaye. Mwakulunga chiyani umo?"

Anali mlonda ngati ine ndemwe, wa ku Kenya. Ndinavundukula thaulo. Anayang'ana chikho, nayang'ana ine, n'kulankhula pa wailesi yake. Sindinamudandaule, chifukwa ine ndemwe ndikanachita chimodzimodzi pa geti langa. Posakhalitsa panafika wapolisi wachinyamata, wa ndevu zometa bwino.

"ID," anatero mwaulemu.

Ndinamuonetsa chithunzi mu foni, iye naitenga kuti awerenge. Ndinafotokoza za kampani. Ndinatulutsanso baji yanga ya pa geti la kalabu.

"Chikho n'cha ndani?"

"Cha abwana a ku kalabu."

"Pepala lake lili kuti?"

Ndinalibe. Anandiuza kuti ndiwaimbire. Foni inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Wapolisiyo anayesa nambala ya kalabu ya pa baji, koma tsiku la fainolo ndani angakhale mu ofesi? Anthu ankadutsa akutiyang'ana, sitima zikubwera n'kumapita pansi pathu. Ndinayamba kuganiza mmene ndikafotokozere mkazi wanga kuti ntchito yatha chifukwa cha ndowa ya siliva.

Wapolisiyo anachitembenuza chikhocho n'kumawerenga timalemba tija. "Awa si maina a kuno," anatero. Sindinadziwe ngati zimenezo zinali zondithandiza kapena zondimiza.

Kenaka foni inalira. Ndinadina vidiyo mwachangu. Panaoneka bambo Howard, tsitsi lili nyankhalala, akupepesa kuti anali kubafa. Nditawauza, anayamba kulankhula ndi wapolisiyo Chiarabu chothyokathyoka, n'kuloza kamera pa risiti, kenaka pa phazi lawo lofiira ngati mbatata yowiritsa. Wapolisi anaseka, nandibwezera foni.

"Yalla, pita. Koma ID yako ukaitenge msanga."

Mlonda wa ku Kenya uja anandithandiza kukulunganso thaulo, nandinong'oneza kuti kwawo ragibi ndi nkhani yaikulu, ndipo akanakhala pa ofu akananditsatira.

Ndinakwera sitima 3:25. Chifukwa cha mantha ndinalowa chipinda cha amayi ndi mabanja, ndipo ndinazindikira nditaona kuti mwamuna ndine ndekha. Ndinasuntha chamanyazi. M'chipinda chathu munali anyamata a ku Nepal opita kokayenda, ndipo mmodzi anandifunsa ngati ndapambana mpikisano wothamanga. Ndinati eya, pang'ono. Tinadutsa Bin Mahmoud, tinadutsa Al Sadd, ndinatsika pa Joaan.

Kuchoka apo ndinayenda wapansi kulowa mu Al Nasr, pakati pa mashopu a mafoni, a makeke ndi ometa tsitsi. Fungo la shawarma, nyama yowotcha yokulunga m'buledi, linandikumbutsa kuti chidzukireni ndinangomwa tiyi. Ndinagula imodzi ya mariyali asanu ndi awiri n'kuiika m'thumba, poti manja onse anali pa chikho.

Bambo Howard ndinawapeza atakhala pa masitepe a pakhomo pa fulati yawo, phazi limodzi mu nsapato, lina mu silipasi. Pamiyendo anafungata thabwa lakuda lozungulira, lokhomedwa timapuleti ta siliva. Ameneyo ndiye mpando wa chikhocho. Asanandifunse za ine anayamba ayang'ana chogwirira chija, nachigwedeza, napumira m'mwamba. Kenaka anandigwira phewa.

"Pepa, Lameki. Sindinaganize za mapepala ako. Ine sindinaimitsidwepo kuno, ndiye ndimaiwala."

Takisi tinaipeza 4 koloko itadutsa ndi mphindi khumi. Mpira unali utayamba. Dalaivala, mkulu wa ku Sudan, anati msewu waukulu wadzaza, anthu akupita kokagula zinthu. "Tifika, inshallah," anatero, kutanthauza Mulungu akalola. Liwu limenelo ndalimva kokwanira kuno moti ndimadziwa kuti silinena nthawi.

Tinaima pa maloboti oyamba kawiri konse asanatilole kudutsa. Ine maso anali pa wotchi. Bambo Howard, mwina pofuna kundikhazika mtima pansi kapena kudzikhazika okha, anandiuza kuti ndivundukule thaulo.

"Werenga pamwambapo."

Anali maina a midzi. Anandifotokozera kuti chikhocho sichinabadwire ku Doha. Chinachokera m'boma la kwawo, monga mmene ife tinenera boma la Mchinji kapena la Dedza. Kumeneko kunali midzi ya anthu okumba malasha ndi ya alimi a nkhosa, mudzi uliwonse ndi timu yake. Agogo awo asanakwatire, akuluakulu a matimuwo anasonkherana n'kugula chikhochi. Lamulo linali limodzi: wagonja watuluka. Timu ya kamudzi ikachita mwayi inkatha kugwetsa ya m'tauni, ndipo nkhani yake inkakambidwa mpaka ana a ana.

"Nanga apa bwanji palibe maina?" ndinafunsa. Panali mpata, mzere wokha wojambulidwa. Cha m'munsi panalinso wina.

"Nkhondo. Anyamata anapita, mpira unaima. Taona dzina lotsatiralo, midzi iwiri pamodzi. Midzi imeneyo inkadana koopsa, osakwatirana n'komwe. Nkhondo itatha, uliwonse unalephera kukwanitsa amuna khumi ndi asanu. Anaphatikizana, n'kutenga chikho."

Dalaivala anachepetsa wailesi kuti amve nawo. Galimoto zinasuntha pang'ono n'kuimanso. Nthawi inali 4:50.

Pa thabwa lija panali maina a zaka za pambuyo pake. Bambo Howard anati migodi itatsekedwa achinyamata anasamukira m'mizinda. Kenaka kunabwera ligi ya ndalama, matimu akuluakulu n'kuyamba kutumiza osewera a pabenchi ku chikho cha boma. Ena ankangoimba foni kuti sabwera. Chaka china fainolo inalephereka, ndipo palibe anadandaula mokweza. Iwo atapita kutchuthi anakachipeza chikhocho m'kabati ya kalabu ya kwawo, pakati pa zitini za penti. Mlembi wa mpikisanowo, nkhalamba yoyendera ndodo, anawauza kuti achitenge, bola kumene akupitako anthu azikachiseweradi.

Timapuleti totsiriza tinali ndi maina amene ndimawadziwa, matimu a kuno a aphunzitsi, a mainjiniya, a ogwira ntchito m'ndege.

"Nanga timu ya kwanu ili pati, bambo?"

Anayankha tikudutsa maloboti ena.

"Palibe. Tinafika mu fainolo katatu, katatu konse tinagonja. Komaliza tinatsala ndi poyinti imodzi, mpira womenya ndi phazi unali wanga, zigoli zili apo. Ndinaphonya. Bambo anga anali m'gulu la oonera." Anaseka pang'ono n'kuloza silipasi ija. "Phazi lake ndi lomweli."

Dalaivala anapukusa mutu, nakhotera m'kanjira ka kuseri kwa nyumba za anthu, kodzaza mabampu. Pa bampu iliyonse bambo Howard ankabuula, ine ndikukumbatira chikho kuti chisagunde chitseko.

Tinafika pa bwalo 5:25, dzuwa litapendeka, magetsi atayatsidwa kale. Mita inawerenga mariyali makumi atatu ndi anayi. Mnzanga wa pa geti atandiona anatsegula osafunsa. Bambo Howard sakanatha kuthamanga, ndiye anandikankha kumsana. Ndinadutsa kuseri kwa oonera, thabwa kukhwapa, chikho pachifuwa. Patebulo la mphotho panali nsalu yoyera yokhayokha, ndipo mayi wina wa komiti anali ataima pambali pake atagwira m'mutu. Ndinakhazika thabwa, ndinakhazika chikho. Sipanathe mphindi zitatu wezulo yomaliza inalira.

Ndinakhala pansi pa kapinga n'kutulutsa shawarma ija, itaphwanyika ndi kuzizira, ndipo ndinaidya yonse.

Ndili pomwepo ndinaona chinthu chimene pa geti sindinkachiona. Opambana asanakhudze chikho anapanga mizere iwiri, ogonja n'kudutsa pakati akuomberedwa m'manja. Kenaka ogonja nawo anaima mizere, opambana n'kudutsa. Wina magazi ali pa chipumi, wina akutsimphina, koma onse anaima. Bambo Howard anafika mochedwa, atatsamira mnzanga uja, ndipo anayamba kugwira chanza ogonja, mmodzimmodzi, asanapite kwa opambana.

Kwathu ndinaseweramo zikho zingapo za mpira wamiyendo, zija amabweretsa ofuna uphungu. Chisankho chikatha, chikho chimathanso, ndipo sindidziwa kumene zimapita. Tsiku limenelo ndinaona kuti mpikisano sukhalitsa chifukwa cha siliva kapena mwini ndalama. Umakhalitsa ngati ogonja abweranso chaka chamawa. Pa chikho chija palembedwa opambana okha, koma munthu amene anachitola pakati pa zitini za penti n'kuchiwolotsa nyanja dzina la timu yake palibepo.