Malume si wachibale wapatali

Ufulu tinali titalandira, mbendera yatsopano ili petupetu pabwalo la sukulu, koma m'kalasi munali mudakali ku Mangalande. Mphunzitsi wamkulu, mzungu amene anatsala anzake atapita, ankatiphunzitsa mbiri kuchokera m'buku lonenepa lonunkha nkhungu. Analilemba Mngelezi wina wa zaka za m'ma 1800, kusimba zakale za tauni ina ya kwawo kumene kumakocheza zombo. Ife ana a ku Chipata, oti nyanja sitinaionepo, tinkaloweza misewu yake, matchalitchi ake ndi mibadwo ya eni zombo. Zamkutu zokhazokha!

M'mawa wa tsiku la mayeso a bukulo kunabwera munthu pa njinga kuchokera kwathu ku Chipangali. Anati malume atisiya, maliro ndi mawa.

Ndinalowa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu nditagwira chipewa m'manja. "Bwana, ndikupempha chilolezo. Malume amwalira."

Sanadzutse n'komwe mutu. "Lamulo limalola maliro a bambo kapena mayi basi. Malume ndi wachibale wapatali. Ukatuluka pageti usabwerenso."

Wapatali! Kwathu malume ndiye mwini mbumba. Ndi iwo amene anandichotsa m'munda wa mtedza n'kundiperekeza kusukulu bambo akukana. Ndipo ine ndinali mwana wamkulu wa mlongo wawo, woyenera kuimira mbumba yonse pamanda.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinati, "Bwana, mlembi wanuyu anakalamba akulondola makolo a anthu akwawo mpaka kumanda, inu n'kumamutama. Ine ndikafuna kukaika wanga mmodzi ndalakwa? Mwakhala zaka zonsezi m'dziko muno, simudziwa kuti malume ndani?"

Nkhope yawo inafiira psuu. Ndinaika buku lija patebulo pawo bwinobwino, n'kutuluka.

Sukulu yanga inathera pomwepo. Anzanga anadzakhala akalaliki m'maofesi a boma, ine ndakalamba ndi khasu. Alipo amene amati ndinataya mwayi chifukwa cha mkwiyo. Anene, pakamwa ndi pawo.

Njinga ija inatinyamula awiri, pokwera n'kumaikankha, mpaka tinagona panjira. Tinafika adzukulu atamaliza kukumba, anthu atanyamuka kale ndi bokosi. Mayi atandiona ndili fumbi lokhalokha anaimitsa onyamulawo. Anagwira bokosi ndi manja onse awiri, n'kufuula kwa mlongo wawo ali m'katimo: "Achimwene, mwana wanu uja wabwera!"