Sizasi ya a Zipi

Dzina loti a Zipi analipeza chifukwa choika mazipi osapindika, ngakhale ena amati n'chifukwa cha pakamwa pawo posatseka. Zaka makumi anayi akhala akusoka m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya utoto: mayunifomu, madiresi a ukwati, ngakhale makatani. Koma nyamakazi inawalowa m'zala. Makina ankapondabe bwinobwino, vuto linali sizasi. Akadula mita imodzi, chala chachikulu chinkachita kuyaka moto, ndipo telala wosadula nsalu watha basi.

Mwana wawo wamkazi, namwino wosamva zonyengerera, anagamula kuti mwezi ukatha adzabwera ndi galimoto, makinawo akapereke kwa ena, mayi akapume kwake. Kupuma! A Zipi mawuwo ankadana nawo koopsa.

Ndiye anamva kuti m'holo yakale ya kumsika mwatsegulidwa malo opangira zipangizo, ndipo akufuna achikulire ovutika kugwira zida zawo za ntchito. Anapita atavala bulauzi yawo yabwino. M'menemo munali macheka, mawaya, ndi kamakina kena kolavula pulasitiki pang'onopang'ono mpaka chinthu chituluke. Anaima pamenepo mphindi makumi awiri, kukamwa kuli yasa, atagwidwa ndi chimwemwe ngati mwana.

Injiniya wa pamalopo, mayi wamagalasi waulemu wake, anawayala dzanja patebulo, nkulijambula, nkuyeza chala chilichonse pakompyuta. Patatha masiku atatu anawapatsa chogwirira sizasi chofiira, chosalala, chokwana ndendende. Aliyense anaomba m'manja.

M'mawa mwake zala zinakana kulowa.

A Zipi anabwerera liwiro la nkhalamba, nkuchiponya patebulo. Anamufunsa injiniya kuti anawayeza nthawi yanji. Masana, dzuwa lili pamutu. Nanga iwo ntchito amayamba nthawi yanji?

"Mwanawe, dzanja ili m'mawa limadzuka lotupa," anatero a Zipi. "Ife tikamasokera mwana wa sukulu timasiya malo mumsoko, chifukwa tikudziwa kuti akula. Iwe wandisokera chothina."

Sanathere pomwepo. Anaitanitsa katoni, nkujambula patani ndi choko chawo chimene, nkusonyeza kuti telala sadula m'malere: mpeni wapansi wa sizasi umatsetsereka patebulo, ndiye mphamvu ichokere pachikhatho, zala zipume. Injiniya analemba zonse, maso akuwala, nkuvomera poyera kuti zimenezi kusukulu sanaphunzire. Anayesa kanayi. Chachiwiri chinathyoka, chachitatu chinali chonyansa moti a Zipi anaseka mpaka kutsokomola. Chachinayi chinali ndi kasipuling'i kotsegula sizasi yokha, ndipo akalipentala awiri okalamba anali atayamba kale kufola ndi zida zawo.

Tsiku la galimoto linafika. Namwino analowa atanyamula zingwe zomangira makina, nkupeza mayi ake atayala nsalu yobiriwira patebulo lonse. A Zipi sanamupatse ndi moni yemwe. Anatsamira sizasi ndi chikhatho, nkuyenda nayo mamita atatu osaima, nsalu ikungolira kuti khwee, mzere uli chiwongokere.

Namwino anawagwira dzanja, nkulitembenuza, nkudina chala chachikulu monga amachitira ndi odwala ake. Anadikira kuti akwinye nkhope. Sanakwinye.

"Nsaluyi ndi ya ndani, amayi?"

"Ndi yako. Taika pansi zingwezo, ukweze manja ndikuyeze."

Namwino anakweza manja, misozi ikutsika.